Sabata ya Reformation, mipingo itatu, njinga imodzi

Ine ndine m'busa wa Lutheran Church of Central Africa, ndimayang'anira mipingo itatu ya kumudzi ndipo konseko ndimapalasa njinga, nde ndi dzuwa la Okutobala lija mukudziwa nokha, pofika malaya amakhala anyowa ngati ndawoloka mtsinje.

Lachiwiri ndinapita kukazonda agogo ena omwe akhala chigonere miyezi ingapo. Ndinawapeza pa mphasa pakhonde, kapu yapulasitiki ya madzi pambali, adzukulu akuwaingitsira ntchentche ndi chitenje. Moni sitinathe bwinobwino, anandigwira dzanja nkuti "Abusa, kodi ine kumwamba ndikalowa? Chopereka ndinasiya kale, kutchalitchi miyendo inakana." Mtima unandiwawa zedi, chifukwa alipo amene anabwera kudzawapempherera nkuwauza kuti ubatizo wa ukhanda suwerengedwa, abatizidwenso. Ndinawafunsa kuti agogo, tsiku lomwe munkabatizidwa muli khanda munachitapo chani inuyo? Akuti "Palibe mwana wanga, anachita kundinyamula." Nde ndinati eya, ntchito anagwira ndi Mulungu, ndipo Iye sabweza mawu ake. Anabatizidwira mpingo wina kalekale ife tisanabwere nkomwe, paja amishonale athu a Wisconsin Synod, mpingo wa Lutheran wa ku America, anafika ku Blantyre mu 1963, koma ubatizo wa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ife sitiubwereza ayi. Tinawerenga Aefeso 2:8-9 pang'onopang'ono kawiri, ndinawapatsa Mgonero pomwepo, dzanja langa sanalisiye mpaka nditadzuka.

Lachitatu kalasi ya katekisimu. Mnyamata wina anafunsa ngati Luther wathuyu ndi yemwe uja wa ku America, funso labwino ndithu poti ambiri amasokoneza ndi Martin Luther King. Ndinawafotokozera kuti wathuyu anali wansembe wa ku Germany, pa 31 Okutobala 1517 anatulutsa mfundo 95 ku Wittenberg zotsutsa kugulitsa makalata a chikhululukiro, chiyambi cha Reformation, kukonzanso mpingo komwe timakumbukira sabata imeneyi, ndipo Katekisimu Wamng'ono timalowezayu anamulemba mu 1529 kuti bambo aziphunzitsa banja lake kunyumba osati kungosiyira abusa. Mabuku tili nawo asanu, ana 17, amaonera limodzi.

Lachinayi amayi a mpingo, Lachisanu kulemba ulaliki, Loweruka kwaya ndi kukolopa.

Sande ndi yomwe inandivuta. Mkulu wa mpingo anabwera ndi alamu ake ochokera mtauni, munthu wopemphera bwinobwino ku mpingo wake, ndipo amafuna adye nafe Mgonero. Mapemphero asanayambe ndinawaitanira pansi pa mtengo wa mango nkuwapempha kuti lero asabwere kutsogolo. Nkhope inasintha. "Abusa, ndiye kuti ine si mkhristu?" Ndinati ayi bambo, chikhristu chanu sindikuchikayika ngakhale pang'ono, koma ife timakhulupirira kuti mu mkate ndi vinyomu muli thupi lenileni ndi mwazi weniweni wa Yesu, sichizindikiro chabe, ndipo tikagwada limodzi paguwa paja ndiye kuti tikuvomereza chiphunzitso chimodzi, nde tiyambe taphunzira kaye limodzi. Zimenezi zimandipweteka nthawi zonse, kwathu kuno mlendo sammana chakudya, koma tebulo lija si langa kuti ndizingogawa mmene ndafunira.

Anakhala kumbuyo mapemphero onse, nyimbo amaimba nawo. Titaweruka tinadyera limodzi nsima ya nkhuku kwa mkulu wa mpingo uja, sanayankhule zambiri, koma ponyamuka anapempha kuti abwereke katekisimu mmodzi akawerenge za Mgonero. Ndinawapatsa, kalasi yatsala ndi mabuku anayi. Mawa mmamawa ndibwerera kwa agogo aja, mwana wawo waimba kuti asiya kudya.