Fayilo imene pulogalamu imadzifotokozera isanayatsidwe

Ntchito ya lero yonse yathera pa fayilo imodzi yaing'ono, imene pulogalamu iliyonse yowonjezera pa wiki yathu (webusaiti imene anthu amalemba ndi kusintha masamba ake pamodzi) idzayenera kukhala nayo kuti idziwike dzina lake, amene anailemba, version yake, laisensi yake ndiponso zinthu zimene imadalira kuti igwire ntchito. Mpaka pano zowonjezera zathu zakhala zikudzilembetsa poyendetsa khodi yawo pa nthawi imene wiki ikuyamba, choncho palibe njira yodziwira kuti pulogalamu ndi yotani popanda kuiyatsa kaye. Zimenezi ndi zimene tinagwirizana kuti zisinthe.

M'mawa ndinawerenga mmene ena anathanirana ndi nkhaniyi. MediaWiki, pulogalamu imene Wikipedia imayendera, kale inkalembetsa zowonjezera kudzera m'mafayilo a khodi ya PHP, koma mu 2015, pa version 1.25, inabweretsa fayilo ya extension.json, ndipo woyang'anira wiki amangolemba wfLoadExtension ndi dzina la chowonjezeracho mu LocalSettings.php, fayilo ya makonzedwe a wikiyo. DokuWiki, pulogalamu ina yoyendetsera wiki, inasankha kufupikitsa, pakuti plugin.info.txt ndi mizere yochepa chabe: base, author, email, date, name, desc ndi url. XWiki, inanso ya mtundu womwewu imene inalembedwa m'chilankhulo cha khodi cha Java, imatsatira kachitidwe ka Maven, chida chomangira mapulogalamu a Java, momwe chizindikiro cha chowonjezera chimapangidwa polumikiza groupId (dzina la gulu) ndi artifactId (dzina la chowonjezeracho). Njira zitatuzi n'zosiyana kwambiri m'maonekedwe, koma zonse zimalola kuti fayiloyo iwerengedwe pamene pulogalamu yeniyeniyo sinayambe kuyenda, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani.

Masana tinakambirana kwa nthawi yaitali ndi anzanga amene amasamalira seva. Iwo anapempha kuti tilole khodi pang'ono m'kati mwa fayiloyi, kuti pulogalamu izitha kusintha makonzedwe ake malinga ndi database (nkhokwe yosungira mfundo za wiki) imene yapeza. Pempho lawo ndi lomveka, chifukwa vuto limene anatchula limachitikadi, komabe sindinavomereze. Fayilo yofotokozera ili ngati pepala lomatidwa pa botolo la mankhwala, limene munthu amawerenga asanamwe. Ikangokhala ndi khodi, ndiye kuti chida choikira mapulogalamu, tsamba loonetsa mndandanda wa zowonjezera, ngakhalenso munthu wofufuza za chitetezo, onse ayenera kuyendetsa khodi ya munthu wosamudziwa kuti angomva dzina la pulogalamu ndi zimene imafuna. Kuwonjezera apo, fayilo yokhala ndi mfundo zokhazokha ingawerengedwe kamodzi, zotsatira zake n'kusungidwa mu cache (posungira zinthu kwa kanthawi kuti zipezeke msanga) mpaka itasinthidwa, pamene khodi imafuna kuyendetsedwa ulendo uliwonse munthu akatsegula tsamba. Tinamvana titaona kuti extension.json ili ndi gawo lotchedwa callback, limene limangotchula dzina la function (kachigawo ka khodi) yoti iitanidwe fayiloyo ikatha kuwerengedwa. Ifenso tichita chimodzimodzi: fayilo iziloza kumene khodi ili, koma khodiyo izikhala kwina.

Nkhani ya dzina sinachedwe. Pulogalamu iliyonse ikhala ndi chizindikiro chosasintha, cha zilembo zazing'ono zopanda mipata, ndipo dzina loonekera kwa anthu pamodzi ndi mawu ofotokoza zizitengedwa m'mafayilo a zilankhulo, monga mmene gawo la descriptionmsg limachitira ku MediaWiki. Wowerenga aliyense ayenera kuona mawuwo m'chilankhulo chake, koma mapulogalamu odalirana ayenera kupezana ndi chizindikiro chimodzi nthawi zonse. Laisensi tiziilemba ndi zizindikiro za SPDX (mndandanda wa mayina achidule a malaisensi), monga MIT kapena GPL-2.0-or-later, chifukwa aliyense akamalemba mwa njira yake makina sangathe kuyerekeza.

Gawo limene ndinakhalapo kwambiri ndi la zodalira. Pulogalamu iyenera kunena version ya wiki imene ikufunika, komanso zowonjezera zina zimene siingayende popanda izo, kuti wiki ikane kuiyatsa ndi uthenga womveka m'malo moti tsamba lonse lizime pamaso pa owerenga. Ndalemba kuti manambala azitsatira Semantic Versioning, momwe nambala yoyamba imakwera pakakhala kusintha kosokoneza mapulogalamu odalira, yachiwiri pakabwera zatsopano zosasokoneza zakale, ndipo yachitatu pakakonzedwa zolakwika. Ndikudziwa kuti olemba mapulogalamu ena sadzasunga lamuloli bwinobwino, koma popanda ilo mawu akuti version yakutiyakuti kapena yoposerapo sakhala ndi tanthauzo lodalirika.

Palinso nambala ina imene imaiwalika mosavuta, ndiyo version ya kalembedwe ka fayilo yeniyeniyo. MediaWiki ili ndi manifest_version, ndipo pamene inafika pa 2 mu version 1.29, makonzedwe alionse anayamba kulembedwa ndi value (chimene chaikidwa), ndipo angathenso kukhala ndi description (mawu ofotokoza) yake. Kusinthako kunatheka popanda kuphwanya zowonjezera zakale chifukwa fayilo iliyonse imanena kalembedwe kamene ikutsatira. Ndaika gawo limeneli pa zofunika kuyambira lero, ngakhale kuti tili ndi kalembedwe kamodzi kokha. Gawo la description ndalitenganso, pakuti JSON, kalembedwe kamene fayilo yathu ikutsatira, salola ndemanga m'kati mwake, ndipo woyang'anira wiki ayenera kudziwa chimene akusintha asanachikhudze.

Madzulo ndinalemba JSON Schema, mndandanda wa malamulo oyesera mafayilowa. Magawo okakamiza ndi ochepa: chizindikiro, version, laisensi, zodalira ndi version ya kalembedwe. Ndachita dala kuwachepetsa, chifukwa munthu amene akulemba pulogalamu yake yoyamba akakumana ndi magawo ambirimbiri amangokopera fayilo ya wina, ndipo mfundo zabodza zimalowa mwa njira imeneyo. Gawo losadziwika likapezeka pamwamba pa fayilo, schema iziikana, kuti chilembo cholakwika chigwidwe msanga. Koma ndasiya malo otchedwa attributes, momwe chowonjezera china chingalembe mfundo zoti chinzake chiwerenge, monga pulogalamu yowonjezera batani pa chida cholembera masamba.

Ndinayesa schema imeneyi pa pulogalamu yathu yoonetsa kalendala, ndipo polemba zodalira zake zinaonekera kuti imagwiritsa ntchito chowonjezera cha zilolezo popanda kunena paliponse. Ndazilemba m'fayilo yake yatsopano. Mawa ndiyamba chida chosamutsira zowonjezera zakale ku kalembedwe katsopanoka, ndipo anzanga a ku seva avomera kuyesa mbali ya callback pa database zonse zimene timathandizira.