Makina akawerenga chifuwa cha wodwala

Sabata ino m'kalasi mwathu mwa madzulo tinali pa mutu wa AI (makompyuta ophunzitsidwa kugwira ntchito zofuna nzeru za munthu) m'zipatala, ndipo nkhaniyi inandiperekeza m'takisi kuchokera ku Braamfontein mpaka kunyumba ku Rosettenville, kuno ku Joni.

Poyamba ndinkaiyesa nkhani ya kutali. Koma aphunzitsi anatiuza kuti mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti makompyuta aziwerenga zithunzi za X-ray ya m'chifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba. Kwathu ku Malawi, kumene akatswiri owerenga zithunzizi ndi owerengeka, chimenechi ndi chithandizo chenicheni. Pamenepo ndilibe mawu.

Mtima wanga unathamangira kwa agogo anga aamuna. Anabwera kuno ku Joni ndi Wenela, nabwerera kumudzi akutsokomola fumbi la mumgodi mpaka tsiku lomwe anatisiya. Mapapo a munthu wotero amakhala ndi zipsera, ndipo makinawa amaphonya kwambiri akakumana ndi munthu amene anadwalapo TB kale. Tsono makina akanena kuti agogo akudwala pomwe ndi zipsera chabe, kapena kuti ali bwino pomwe matenda alimo, mlandu ukhala wa yani? Wopanga makinawo ali kutsidya kwa nyanja. Namwino ali ndi mzere wa anthu mpaka panja.

Apa m'pomwe tinatsegula POPIA, lamulo la South Africa la 2013 loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lofunika chitetezo chapadera, ndipo gawo 71 limaletsa kuti chigamulo chokhudza kwambiri moyo wa munthu chichokere kwa makina okha, ngakhale lili ndi malo ena pomwe limalola. Wolakwiridwa angathe kukadandaula kwa Information Regulator, ofesi yoyang'anira lamuloli. Chinandisangalatsa n'chakuti lamuloli limateteza munthu, silinena kuti nzika yokha.

Komatu lamulo la pa pepala silifika lokha pa benchi ya ku kiliniki. Mwezi watha ndinaperekeza mayi ena a kumpingo kwathu kukayezetsa. Anawapatsa fomu ya Chingerezi, iwo n'kusayina msangamsanga, poopa kuti akafunsa zambiri nkhani itembenukira ku mapepala awo okhalira m'dziko muno. Titatuluka pageti anandigwira mkono: "Mwanangu, kodi ndasayina chiyani?" Ndinawafotokozera zomwe ndinakwanitsa kuwerenga, koma za komwe chithunzi chawo cha m'chifuwa chikasungidwe ndi amene adzachione, fomuyo inangokhudza pamwamba. Zinandiwawa. Kwa ine chilolezo chotere si chilolezo, kaya wowerenga chithunzicho ndi dokotala kaya ndi kompyuta.

Ndayamba kumasulira gawo 71 m'Chichewa kuti ndikawawerengere amayi a chigwirizano Lachinayi likudzali. Ziganizo ziwiri zoyamba zanditengera usiku wonse, ndipo mawu akuti "makina okha" ndawalemba ndi zilembo zikuluzikulu.