Kanyama komanga nyumba pamadzi ku Manitoba

Ndinafika mumzinda wa Winnipeg, m'chigawo cha Manitoba ku Canada, kumayambiriro kwa mwezi wa Seputembala, ndipo nyama imene ndinkalakalaka kuona inali beaver, nyama yaubweya yokhala m'madzi yomwe imatchinga mitsinje ndi mitengo. Chidwicho chinayambira pa kandalama ka masenti 5 komwe anandipatsa ngati chenji m'sitolo, pakuti chithunzi cha nyamayi chinayamba kudindidwa pa ndalamayo mu 1937, ndipo mu 1975 boma linaivomereza kukhala chizindikiro cha dziko. Msuweni wanga, amene wakhala kumeneko zaka zambiri, anati tilawirire ku Oak Hammock Marsh, dambo lalikulu la masikweya kilomita pafupifupi 36 kumpoto kwa mzindawo.

Dambo limeneli alimi analiumitsa kalekale pokumba ngalande kuti apeze minda, koma m'zaka za m'ma 1970 linabwezeretsedwa pomanga mizere yadothi yotchinga madzi. Tinayenda pa kamlatho kamatabwa kolowa pakati pa udzu wautali wa mtundu umodzi ndi njedza ya kunyanja ya Chilwa, atsekwe akusokosera mumlengalenga pokonzekera ulendo wawo wa kumwera. Posakhalitsa ndinaona kamutu kofiirira kakung'amba madzi mwakachetechete, kukamwa katanyamula phesi lobiriwira lotalika kuposa thupi lake. Ndinafuula kuti ndaona beaver, ndipo bambo wina wachikulire amene anali ndi makina oonera patali anandiwongolera mwaulemu kuti kameneko kanali ka muskrat. Anandiuza kuti ndiyang'ane mchira, chifukwa wa beaver ndi wotambalala ngati nkhafi, pomwe wa muskrat ndi wowonda, wophwatalala m'mbali, ndipo umagwedera uku ndi uku m'madzi monga imasambirira njoka.

Kunena zoona ndinakhumudwa, popeza kanyamako kankaoneka ngati ntchenzi yonyowa, ndipo kulemera kwake sikupitirira kwenikweni makilogalamu 2, pamene beaver wamkulu amafika makilogalamu 20 n'kupitirira. Komabe tinakhala pomwepo nthawi yaitali, ndipo maganizo anga anasintha. Kanakwera pa kamulu ka zinyalala zoyandama, n'kukhala chonjuta, kugwira phesi ndi manja ake aang'ono ngati mwana wogwira nzimbe, kudya mbali yoyera yofewa ya kumunsi n'kutaya zotsalazo. Kenaka kanamira osasiya ngakhale thovu. Bambo uja anafotokoza kuti kakhoza kukhala pansi pamadzi mphindi pafupifupi 15, komanso kuti milomo yake imatsekera kuseri kwa mano akutsogolo, motero kamatha kudula mizu pansipo popanda kumwa madzi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nyumba zake. Patsogolo pathu panali milu yozungulira ya udzu ndi matope, yotumphuka pamwamba pa madzi ngati nkhokwe zazing'ono zopanda miyendo. Khomo lake lili pansi pamadzi, ndipo m'katimo muli chipinda chouma. M'nyengo yozizira madzi a dambo lonse akaundana gwa, kanyamaka sikagona tulo ta miyezi monga zichitira nyama zina za kumeneko. Kamayendabe pansi pa madzi oundanawo kufunafuna mizu, ndipo kamaboola timabowo topumira n'kutivundikira ndi udzu kuti tisatsekeke. Pomweta udzu wochuluka chotere kamatsegula malo a madzi oyera omwe abakha amasambiramo, ndipo mbalame zina zimaikira mazira pamwamba pa milu ija. Mdani wake wamkulu ndi mink, kanyama kowonda kaubweya wonyezimira komwe kamalowa mpaka m'nyumbamo.

Masana tinapita ku Lower Fort Garry, linga lamiyala la m'mbali mwa mtsinje wa Red lomwe kampani ya Hudson's Bay inamanga m'zaka za m'ma 1830. Kampaniyi inakhazikitsidwa mu 1670 ndi chilolezo cha Mfumu Charles II ya ku England, ndipo chuma chake chinali zikopa. Tinakwera m'chipinda cha pamwamba momwe mwapachikidwa zikopa za beaver, nkhandwe zofiira, mimbulu ndi katumbu, ndipo fungo lake linandikumbutsa chikopa cha mbuzi choyanikidwa pa tsindwi. Panthawiyo chikopa cha beaver chinali ngati ndalama, moti mtengo wa mfuti, nkhwangwa kapena bulangete ankauwerengera pa zikopa zimenezi. Ubweya wake ankakaupangira zipewa za anthu olemera ku Ulaya, ndipo umbombo umenewo unatsala pang'ono kuitheratu nyamayi m'madera ambiri. Ntchito yeniyeni yotchera misampha, kusenda ndi kupalasa mabwato inkagwiridwa makamaka ndi eni nthaka, monga a Cree, a Ojibwe ndi a Métis, ngakhale kuti phindu lalikulu linkakathera ku London. Izi sizinandidabwitse, poti ndi mmene malonda a minyanga ya njovu anayendera kwathu.

Atandilola kukhudza chikopa cha muskrat, ndinapeza kuti pamwamba pali tsitsi lalitali lolimbirapo, koma pansi pake pali ubweya wotuwa, wofewa ndi wothithikana kwambiri, moti nditauuzira mpweya khungu silinaoneke. Ubweya wapansiwu ndiwo umasunga mpweya n'kuletsa madzi kufika pathupi. Ubwino umenewu ndi umene unachititsa kuti mu 1905 nyamazi zitengeredwe pafupi ndi mzinda wa Prague, komwe zinaswana n'kufalikira ku Ulaya, ndipo lero ku Netherlands kuli anthu olembedwa ntchito yozitchera chifukwa zimakumba mauna m'mizere yotchinga madzi.

Beaver wamoyo sindinamuone tsiku limenelo. Titafika kunyumba madzulo, msuweni wanga anatulutsa m'kabati chipewa chake chotchinga makutu cha ubweya wa muskrat, chofanana ndi chomwe apolisi a Royal Canadian Mounted Police amavala m'nyengo yozizira. Nditachivala ndinayamba kutuluka thukuta mphindi zochepa chabe, iye n'kumaseka kuti ndidzabwerenso mu Januwale, pamene kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, ndidzaone ngati ndidzafune kuchivula.