Zikomo kwa anthu atatu a ku Kőszeg

Ndikuthokoza anthu atatu a m'tauni ya Kőszeg, kumadzulo kwa Hungary pafupi ndi malire a Austria, omwe mayina awo sindinafunse n'komwe.

Ndinatsika sitima yochokera ku Szombathely foni itazima, mvula ikuwaza. Agogo ena aakazi anandiona ndikungocheukacheuka. Chilankhulo sitinamvane, koma anandifunditsa ambulera yawo n'kundiperekeza mpaka pabwalo la Jurisics, lozunguliridwa ndi nyumba zakalekale. Agogo, zikomo kwambiri.

Achiwiri ndi bambo ogulitsa khofi omwe anandilola kutchaja foni. Mabelu a tchalitchi atalira kwa nthawi yaitali 11 koloko, ndinafunsa ngati kwagwa maliro. Anaseka, n'kukhala nane pansi ngakhale makasitomala ankadikira. Anandiuza kuti mu 1532, m'tauni yomweyi, mkulu wa asilikali Miklós Jurisics ndi amuna mazana ochepa chabe anatchinga gulu lalikulu lankhondo la Suleiman, mfumu ya ku Turkey, lomwe linkalowera ku Vienna, kwa masabata opitirira atatu. Anthu kumeneko amati adaniwo anachoka 11 koloko, n'chifukwa chake mabelu amalira nthawi imeneyi mpaka lero. Mmene ankafotokozera bambowo, ukanati analipo!

Wachitatu ndi mtsikana yemwe anandiuza za buku lomwe tauniyi imajambulamo mphukira za mpesa mwezi wa Epulo, mwambo womwe unayamba mu 1740. Iyeyu anandithamangira mpaka pakona ndi chikwama chomwe ndinaiwala pampando, pasipoti yanga ili momwemo.