Tawerengani zala, achimwene

Kwa zaka 11 ndakhala ndikudyera pensulo. Ntchito yanga ndi makatuni: ana a mitu ikuluikulu a m'mabuku a sukulu, agalu oyankhula, akuluakulu a mimba zotsogola ndi mphuno zosongoka. Munthu wanga wa papepala amatalika mitu itatu basi, maso ake ndi mabwalo awiri, pakamwa ndi kamzere kamodzi kokhota. Dzanja limamumaliza mutu usanaganize n'komwe.

Lolemba m'mawa akonzi amene ndimagwira nawo ntchito kawirikawiri anandiimbira foni. Akukonza kabuku ka chithandizo choyamba, ndipo amafuna zithunzi 6 pofika Lachisanu. "Koma ulendo uno tikufuna anthu enieni, zidole zanu zija ayi," anatero. Chifukwa chake chinali chomveka. Munthu amene mnzake wagwa n'kusiya kupuma ayenera kuona bwinobwino pamene tsinde la chikhatho likhale pachifuwa. Katuni ikhoza kumuseketsa, koma singamuuze zimenezo.

Ndinavomera mosaganiza kawiri, mwinanso mwamatama. Pofika masana ndinali nditalemba chithunzi choyamba, manja awiri opiringizana pachifuwa cha munthu wogona chagada. Ndinachitola pafoni n'kutumiza. Yankho linabwera lalifupi: "Tawerengani zala, achimwene."

Zinali zinayi. Dzanja lililonse zinayi.

Si ine ndinayambitsa zimenezi. Ojambula makatuni oyenda a ku America a m'ma 1920 ndi 1930 anachotsa chala chimodzi chifukwa zala zisanu pa kadzanja kozungulira zimathithikana, komanso pamene ukujambula zithunzi zikwizikwi chala chilichonse ndi nthawi. Ife tinangotengera. Koma manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindingawakankhire kwa anthu a kalekalewo.

Chipinda chimene ndimagwirira ntchito ndimagawana ndi achikulire ena amene moyo wawo wonse akhala akujambula nkhope za anthu. Salankhula zambiri. Nditawonjezera chala chachisanu, ndinawaonetsa ndikuyembekeza kuti anena kuti zatheka. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwajambula zimene mukudziwa. Dzanja lanu lomwe lili apa simunaliyang'ane." Ndinakwiya pang'ono mumtima, koma madzulo ndili ndekha ndinaona kuti ananena zoona. Mu katuni chinthu chilichonse chili ndi chizindikiro chake, ngati chilembo. Diso ndi bwalo, chala ndi kampira kotalika, mphuno ndi ndowe. Ndikafuna dzanja sindiyang'ana dzanja, ndimangotenga chizindikiro m'mutu n'kuchiika papepala. Kuwonjezera chala sikunasinthe kanthu, linali dzanja la katuni lomwelo, la zala zisanu.

Lachiwiri lonse ndinathera pa mafupa. Dzanja la munthu lili ndi mafupa 27: asanu ndi atatu ang'onoang'ono pamfundo pomwe dzanja likumana ndi mkono, asanu m'chikhatho, ndi 14 m'zala, pomwe chala chamanthu chili ndi awiri ndipo zinazo atatu chilichonse. Mfundo za kuseri kwa dzanja siziima pa mzere wowongoka, zimapanga uta, ndipo ya chala chapakati ndiyo imatsogola. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti chala chimaoneka chachitali ukachiona kuseri kusiyana ndi kuchikhatho, chifukwa kuchikhatho khungu limakwera n'kubisa tsinde lake. Dzanjali ndabadwa nalo, ndalidyera zaka zonsezi, koma sindinkalidziwa. Ndinamvetsa chifukwa chake Leonardo da Vinci, wojambula wakale wa ku Italy, ankatumbula mitembo kuti aone mmene minofu imamangirira pa fupa. Ine ndinangokhutira ndi kalilole ndi dzanja langa lamanzere.

Achikulire aja anandiphunzitsanso kuyeza. Umatambasula mkono mpaka chigongono chitawongoka, kutsinzina diso limodzi, n'kuika chala chamanthu papensulo pamene mutu wa munthuyo wathera. Muyeso umenewo ndiwo umayendera nawo thupi lonse. Munthu wamkulu amatalika pafupifupi mitu 7 ndi theka. Maso ake amakhala pakati pa mutu, pakati penipeni kuchokera pachibwano kukafika paliwombo, pamene ine ndinkawakweza pafupi ndi tsitsi ngati kuti munthu alibe mphumi. Chikhatho ndi zala zake zimaphimba nkhope kuchokera pachibwano kufika chapamphumi, kutanthauza kuti manja anga onse a Lolemba anali aang'ono kwambiri.

Chimene chinandivuta n'chakuti wodwala wa m'chithunzi changa wagona pansi ndipo tikumuona kuchokera kumutu. Zikatero miyeso ija imasokonekera: chifuwa chimakula, miyendo imafupika, mapazi amangosuzumira kutali. Mutu wa wojambula umakana, umati mwendo ndi wautali, ndipo dzanja limamvera mutu. Albrecht Dürer, wojambula wakale wa ku Germany, anaonetsa njira yothana ndi vuto limeneli, chimango cha timabokosi ta ulusi chimene wojambula amayang'aniramo, papepala pakenso pali timabokosi tomweto. Ine ndinalemba timabokosi pa pulasitiki yoonekera n'kuisanjika pa chithunzi cha mnzanga amene ndinamupempha kuti agone pansi. Pena ndinkachita kuzondotsa chithunzicho, miyendo m'mwamba, kuti mutu usiye kundiuza kuti "uwu ndi mwendo" ndingoona mawanga ndi makona. Zimaoneka zachibwana, koma zimagwira ntchito.

Lachitatu ndilo tsiku limene ndinavutika zenizeni, ndipo ndi limene ndidzalikumbukire. Wojambula makatuni chuma chake ndi mzere wakuda wozungulira chinthu. Ukauchotsa, watha. Koma pathupi la munthu palibe mzere. Pamene mphuno ithera ndi pamene tsaya liyambira palibe malire olembedwa, pali mbali imene kuwala kwagwa ndi mbali imene kwalephera kufika. Achikulire anatseka makatani, kuzimitsa getsi la kudenga, n'kuyatsa nyale imodzi chakumanzere. Anaika mkono wawo patebulo n'kundiuza kuti ndiwerenge zimene ndikuona. Panali kadontho kowala kwambiri, kenako dera lotuwa lomwe limada pang'onopang'ono, kenako lamba wakuda pomwe mkono ukhotera kusiya kuwala, kuseri kwakenso kuwala kofooka kobwerera kuchokera patebulo, ndipo pomaliza mthunzi umene mkonowo waponya patebulo, wakuda kwambiri pamene khungu lakhudza thabwa.

Kuwala kobwererako ndiko kunandikola. Nditakuzindikira ndinasangalala nako, n'kukusiya koyera mbee. Mkono unasanduka paipi yachitsulo. Lamulo lake n'lakuti mbali yowala ya mumthunzi iyenera kukhalabe yoderapo kuposa mbali yoda ya pamene pali kuwala. Njira yodziwira ndi kutsinzina pang'ono mpaka tinthu ting'onoting'ono titazimiririka, kutsale zigawo ziwiri zokha, kowala ndi koda. Diso nalo n'chimodzimodzi. Ndi mpira wa mamilimita pafupifupi 24 wokhala m'dzenje la chigaza, chikope chapamwamba chimauponyera mthunzi, choncho choyera cha diso sichikhala choyera ngati pepala. Ndikachisiya choyera, munthu wanga ankachita kutong'ola maso ngati waona mzukwa.

Mapensulo nawo ndinayamba kuwalemekeza. Pa makatuni ndimangofuna HB yolembera ndi inki pamwamba. Apa ndinafunika 2H ya mizere yoyambira, HB ndi 2B ya madera otuwa, 4B ndi 6B ya mithunzi yakuya. Kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kwa dongo losakanizidwa ndi graphite (chakuda cholembera cha m'kati mwa pensulo), njira imene Nicolas-Jacques Conté anapeza ku France mu 1795: dongo likachuluka pensulo imalimba n'kulemba motuwa, likachepa imafewa n'kuda. Ine ndi phuma langa ndinayamba ndi 6B, n'kuitsindika mpaka pepala linayamba kunyezimira ngati malata, ndipo pamalo potero pensulo ina siigwiranso. Ndinatikitanso mthunzi ndi chala, mafuta a pakhungu n'kusiya banga losafufutika. Mapepala atatu anapita m'bini. Achikulire anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Yambani mopepuka, mdima umabwera pamapeto." Ndinagula labala yofewa ija imene umaiumba ndi zala, imene imanyamula graphite m'malo mokhula pepala, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaigwiritsa ntchito ngati pensulo yoyera.

Lachinayi m'mawa ndinatumiza zithunzi zitatu ndikunyadira. Zala zisanu, miyeso yolondola, mithunzi pamalo pake. Akonzi anaimba. "Zalondola ndithu. Koma bwanji onse akuoneka akufa, ngakhale wopulumutsayo?"

Ndinaseka, koma zinandiwawa. Masahiro Mori, katswiri wa maloboti wa ku Japan, analemba mu 1970 kuti chinthu chikayandikira kwambiri kufanana ndi munthu koma n'kuperewera pang'ono, chimayamba kuchititsa nthumanzi. Nkhope ya katuni ya timadontho tiwiri anthu amaikonda, koma nkhope yofanana ndi yeniyeni imene maso ake alibe moyo amaithawa. Anthu anga anali ngati zidole za pawindo la sitolo ya zovala. Ndinali nditatanganidwa ndi kuyeza mpaka kuiwala kufunsa kuti kodi munthuyu akuchita chiyani.

Mankhwala ake anali m'kabati yanga yakale. Mu katuni, usanalembe diso kapena chala, umayamba ndi mzere umodzi wautali wosonyeza kumene thupi likulowera, ndipo umadziwa pamene kulemera kwagwera. Ndinaitananso mnzanga uja, n'kumuuza kuti akanikize pilo pansi ngati akupulumutsa munthu, ine n'kumamulemba mofulumira, masekondi 30 chithunzi chimodzi, osayang'ana zala kapena nkhope. Nditalemba makumi awiri ndinaona chimene chinkasowa. Mapewa amakhala pamwamba penipeni pa manja, zigongono zowongoka, msana wonse ukukankha kuchokera m'chiuno, chifukwa chifuwa cha munthu wamkulu chiyenera kulowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Wopulumutsa wanga woyamba anali atangosanjika manja ngati akupempherera wodwala. Ndinayambiranso, mzere wa katuni pansi, mafupa ndi mithunzi pamwamba pake. Nsidze ndinazikokera pakati pang'ono kuposa mmene zinalili pa chithunzi chotola, khosi ndinalilimbitsa. Kukokomeza kumene ndinkaganiza kuti ndiyenera kukusiya pakhomo ndinakugwiritsa ntchito, koma ka mlingo kochepa kwambiri. Achikulire atadutsa kumbuyo kwanga sananene kanthu, anangogwedeza mutu. Kwa iwo ndi mawu ambiri amenewo.

Lachisanu linali la liwiro. Namwino amene ankaunika kabukuka anapeza kuti manja ali m'munsi kwambiri, pafupi ndi mimba, pamene ayenera kukhala pakati pa chifuwa, pa theka la m'munsi la fupa la pachifuwa. Ndinakonza. Nditaika chithunzi china pakalilole ndinapeza kuti nkhope yonse yapendekera kumanja, chinthu chimene diso lozolowera silinkachiona. Sikana yolowetsera zithunzi m'kompyuta nayo inadya madera otuwa onse amene ndinawavutikira Lachitatu, moti ndinakhala ola lathunthu pakompyuta kuwabwezeretsa. Katuni imodzi imanditengera mphindi 40. Chithunzi chimodzi cha izi chinanditengera maola 7, ndipo mtengo ndinali nditatchula ngati wa makatuni. Phunziro limenelo ndalilipira ndekha. Ndinapereka zisanu usiku, chachisanu ndi chimodzi ndinapempha kuti chidikire Lolemba.

Loweruka ndinabwerera ku ntchito yanga ya masiku onse, kamnyamata ka mutu waukulu kakuthamangitsa galu. Mwendo wakumbuyo wa galuyo unapindika pamalo oyenera koyamba m'zaka zonsezi, ndipo mthunzi wa pansi unagwera mbali imodzi. Nditafika pa dzanja la kamnyamatako ndinaima n'kuwerenga. Zala zinali zisanu, zothithikana pa kachikhatho kozungulira. Ndinatenga labala n'kufufutapo chimodzi.