Sabata imene ndinaphunzitsa za Clarence H. White

Ndimaphunzitsa luso lojambula zithunzi pa sukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo gawo limene ophunzira salikonda kwenikweni ndi la mbiri ya lusoli, chifukwa ambiri amabwera ndi cholinga choti adziwe kugwira kamera kuti azikajambula maukwati ndi zinkhoswe. Sabata yathayi tinakambirana za Clarence H. White, wojambula wa ku America amene anabadwa mu 1871 m'chigawo cha Ohio. Ndinamusankha osati chifukwa cha zithunzi zake zokha, koma makamaka chifukwa cha kaphunzitsidwe kake, kamene ine ndimaona kuti ndiko kanasiya zipatso zambiri kuposa kamera yake.

Lolemba ndinafotokoza chiyambi chake. White sanapite ku sukulu ya zojambula ayi, koma anali kalaliki wolemba mabuku a ndalama pa kampani ina yopikulitsa zakudya m'tauni ya Newark, ku Ohio komweko, ndipo anayamba kujambula mu 1893 ali kale pabanja. Nthawi imeneyo iye ankajambula zithunzi pa galasi lopakidwa mankhwala, ndipo olemba mbiri yake amanena kuti malipiro ake ankangokwanira magalasi awiri pa sabata, kotero kuti ankatha masiku akuganizira chithunzi chimodzi asanachijambule. Popeza masana onse ankakhala kuntchito, ankadzutsa mkazi wake Jane Felix ndi azilamu ake m'bandakucha kuti awajambule m'munda wa zipatso dzuwa lisanakwere, ndipo kuwala kofewa kumene zithunzi zake zimadziwika nako kunachokera pamenepo. Mu 1898 anayambitsa gulu la ojambula lotchedwa Newark Camera Club, ndipo mu 1902 anali mmodzi mwa amene anakhazikitsa gulu la Photo-Secession limodzi ndi ojambula anzake Alfred Stieglitz, Gertrude Käsebier ndi Edward Steichen, gulu limene linkalimbikira kuti chithunzi cha kamera chilemekezedwe monga ntchito ya mmisiri wojambula ndi utoto.

Tsiku lomwelo ndinapereka ntchito ya sabata yonse. Wophunzira aliyense anayenera kubweretsa Lachisanu zithunzi ziwiri zokha, zojambulidwa nthawi isanakwane 7 koloko m'mawa, ndipo ndinawachenjeza kuti ndidzaona manambala a mafayilo pa memori khadi kuti ndidziwe ngati wina anajambula zambiri n'kufafaniza. M'kalasi munabuka kung'ung'udza, pakuti anthu ozolowera kujambula mazanamazana pa foni amaona ngati kuwamana chakudya.

Lachiwiri tinaonera zithunzi zake, ndipo mnyamata wina amene amajambula kale pa zochitika za kumapeto kwa sabata anaimika dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwini ukwati mutamupatsa chithunzi chosaoneka bwino chonchi angakubwezereni." Ankanena zoona, ndipo sindinamutsutse. Ndinangowapempha kuti aiwale kaye chifungacho ndi kuyang'ana pamene munthu waima, mmene thunthu la mtengo likugawira chithunzi, ndi malo opanda kanthu amene asiyidwa dala, chifukwa m'zimenezo ndi mmene muli nzeru imene ingathandize ngakhale wojambula ukwati.

Tsiku limene ndinalikonzekera kwambiri linali Lachitatu. White anasamukira ku New York mu 1906, ndipo mu 1907 mphunzitsi wa zaluso Arthur Wesley Dow anamuitana kuti aziphunzitsa ku Teachers College ya Columbia University. Chaka chotsatira anayambanso kuphunzitsa ku Brooklyn Institute of Arts and Sciences, mu 1910 anatsegula sukulu ya nyengo yotentha ku Maine, ndipo mu 1914 anakhazikitsa Clarence H. White School of Photography, kumene mmisiri Max Weber ankaphunzitsa kayalidwe ka zinthu m'chithunzi ndi mbiri ya zaluso. Njira yake inali yopatsa ophunzira vuto loti alithetse okha, monga kujambula chinthu wamba m'njira yoti chikope diso, kenako onse n'kukhala pamodzi kuunika zimene zatuluka. Chondichititsa chidwi n'chakuti ophunzira ake sanafanane naye. Paul Outerbridge ndi Anton Bruehl anatchuka ndi zithunzi zakuthwa zotsatsira malonda, Laura Gilpin anathera zaka zambiri akujambula anthu a mtundu wa Navajo, Dorothea Lange anajambula amphawi a nthawi ya kugwa kwa chuma m'zaka za m'ma 1930, ndipo chithunzi chimene Margaret Bourke-White anajambula ndicho chinali pachikuto cha magazini yoyamba ya Life mu 1936. Stieglitz ankanyoza zoti waluso azigwirira ntchito amalonda, ndipo ubwenzi wake ndi White unatha, koma White, amene ankadziwa kuwawa kwa kudikira malipiro, ankafuna kuti ophunzira ake azidya nalo lusolo. Pa mfundo imeneyi ine ndili kumbali ya White.

Lachinayi linapita ndi kulemba mafunso a mayeso ndi kuwerengetsa makamera a sukulu.

Lachisanu tinaunika ntchito ija, aliyense akufotokoza chifukwa chimene anaimira pamalo amene anaima. Ena anangojambula dzuwa likutuluka, zimene ndinkayembekezera, ndipo anzawo sanawanyengerere. Koma mtsikana wina anabweretsa chithunzi cha mayi ake akusesa pabwalo, fumbi likuwala kumbuyo kwawo, ndipo anafotokoza kuti anayamba waonetsetsa kumene dzuwa limagwera asanatulutse kamera m'chikwama. Mnyamata wa maukwati uja anajambula ndowa zili pamzere pa mjigo, chithunzi chakuthwa bwino, ndipo ndinamupatsa malikisi ofanana ndi a mtsikanayo.

Tisanaweruke wina anafunsa za mathero a sukulu ya White. Ndinawauza kuti iye anamwalira mu July 1925 ku Mexico City ali ndi zaka 54, ali paulendo ndi ophunzira ake, ndipo mkazi wake, kenako mwana wawo Clarence H. White Jr., anayendetsa sukuluyo mpaka pamene inatsekedwa mu 1942. Zithunzi zake zambiri tsopano zimasungidwa ku Princeton University Art Museum ndi ku Library of Congress, ndipo ndawauza kuti akafufuze pa intaneti chimodzi chimene adzachifotokoze m'kalasi Lolemba.