Kulumikiza kompyuta ya Linux ku Wi-Fi polemba malamulo, monga ndimachitira kuno ku Chigwa cha Shire

Makompyuta ambiri amene amafika m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono a kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi akale, ndipo ena anagwira kale ntchito zaka zambiri kunja asanatumizidwe kuno ngati thandizo. Kompyuta yotere, ya RAM ya 2 GB, imalemedwa ndi Windows yamakono, choncho ndikapemphedwa kuti ndiidzutse ndimaikamo Debian, mtundu wina wa Linux, yopanda mawindo ndi zithunzi, makamaka ngati ntchito yake ndi yosunga mabuku ndi mafayilo oti ena aziwerenga pa mafoni awo. Ikayaka imangoonetsa sikirini yakuda ndi kamzere kothwanima, ndipo eni ake amafunsa nthawi yomweyo kuti Wi-Fi adzayatsa pati popeza palibe kachizindikiro koti adine.

Ine ndimaona kuti sikirini yakudayo ndi yabwino kuposa kachizindikiro kaja, chifukwa kachizindikiro kakalephera kamangozungulira osanena chimene chavuta, ndipo aliyense amathamangira kunena kuti netiweki yavuta. Kulumikizana kuli ndi magawo otsatizana: kadi ya Wi-Fi iyenera kuonedwa ndi kompyuta, iyatsidwe, igwirizane ndi rauta kapena foni, kenako ipatsidwe adiresi. Mlimi wa mu sikimu ya mthirira akaona kuti madzi sakufika m'munda mwake amatsata ngalande kuyambira ku pampu kufikira atapeza pamene patseka, ndipo malamulo olembedwa pa sikirini yakuda ija, yotchedwa terminal, amatilola kutsata chimodzimodzi. Pafupifupi malamulo onse amene ndatchula pano amafuna mphamvu za root, akaunti yoyang'anira kompyuta yonse, kotero muziyamba ndi sudo kapena mulowe ngati root.

Choyamba ndi kudziwa kuti kadi yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo apa musakhulupirire dzina lolembedwa pa bokosi. Pa laputopu lembani `lspci -k` ndipo mufunefune mzere wonena za Network controller. Pansi pake payenera kuoneka mawu akuti Kernel driver in use, otsatiridwa ndi dzina monga iwlwifi ngati kadiyo ndi ya Intel, kapena ath9k ngati ndi ya Atheros. Timakadi ta USB timene timagula ku Limbe timaoneka ndi `lsusb`, imene imaonetsa manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Nambala yoyamba nthawi zambiri imaulula kampani imene inapanga chipu chamkati: 0bda ndi Realtek, 0cf3 ndi Atheros, ndipo 148f ndi Ralink, imene pano ili m'manja mwa MediaTek. Timakadi tiwiri tofanana maonekedwe ndi mtengo tikhoza kukhala ndi zipu zosiyana mkati, china chogwira ntchito mutangolowetsa, china chofuna kuti muvutike nacho tsiku lonse.

Vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri lili pa firmware, kapulogalamu kamene kompyuta imayenera kulowetsa mu chipu nthawi iliyonse ikayaka. Draiva, pulogalamu yoyendetsa kadiyo, akhoza kukhalapo bwinobwino, koma ngati firmware palibe kadiyo siidzuka, ndipo `ip link` imangoonetsa lo ndi doko la chingwe basi. Mukalemba `dmesg | grep -i firmware` mudzaona mzere wonena kuti fayilo yakutiyakuti failed to load, ndipo dzina la fayiloyo ndilo limakuuzani chimene mukufunika, kaya ndi firmware-iwlwifi, firmware-realtek kapena firmware-atheros. Kwa zaka zambiri Debian sinkaika firmware yotere pa diski yake yovomerezeka chifukwa opanga zipu sanaulule mmene inalembedwera, koma anthu ake atavota mu 2022 anasintha, ndipo kuyambira Debian 12, imene inatuluka mu Juni 2023, firmware imabwera pamodzi ndi pulogalamu yoikira. Amene akugwiritsabe ntchito flashi ya Debian 11 kapena yakale kuposa pamenepo ndi bwino aisinthe asanatsike Thabwa, chifukwa munthu ali ku Ngabu kapena ku Bangula sangabwerere ku Blantyre kukatenga fayilo imodzi.

Nanga firmware mungaitsitse bwanji pamene intaneti imene mukuifuna ikudikira firmware yomweyo? Njira imene imandipulumutsa ndi chingwe cha chaja. Mukalumikiza foni ya Android ku kompyuta ndi chingwe chonyamula data n'kuyatsa USB tethering, Linux imaiona foniyo ngati doko la chingwe, lotchedwa usb0 kapena dzina lalitali loyamba ndi enx, popanda kufuna firmware iliyonse. Zingwe zina zotchipa zimangonyamula moto wokha, ndiye foni ikamachaja koma batani la tethering lili lozimiririka, sinthani chingwe musanakayikire china chilichonse. Njirayi ndi yofunika kwambiri pa malaputopu akale a zipu za Broadcom, chifukwa phukusi la firmware-b43-installer lilibe firmware mkati mwake. Limapita kukaitenga pa intaneti pa nthawi imene mukuliika, kotero kulinyamula pa flashi sikuthandiza.

Kadi ikaoneka, dzina lake likhoza kukhala wlan0, kapena wlp2s0, kapena wlx ndi manambala ambirimbiri ngati ndi ya USB. Lembani `iw dev` kuti mudziwe lanu, ngakhale ine pano ndizingolemba wlan0. Kenako lembani `rfkill list`. Mukaona Soft blocked: yes, lamulo la `rfkill unblock wifi` limatsekula. Mukaona Hard blocked: yes, palibe lamulo limene lingathandize, chifukwa chotseka ndi kabatani ka m'mbali mwa laputopu, kapena batani la Fn pamodzi ndi lina la chithunzi cha mlongoti, kapena zokonzedwa mu BIOS, malo okonzera kompyuta amene mumalowamo ikangoyaka Linux isanayambe. Pa sukulu ina ya kufupi ndi Nchalo ndinapeza laputopu imene anali ataiika kale m'kabati ya zinthu zowonongeka. Aphunzitsi amene amaisamala anandiuza kuti, “Achimwene, imeneyo musatayepo nthawi, kadi yake inapsa ndi kutentha.” Ndinawaonetsa mzere wa Hard blocked pa sikirini, tinaitembenuza, ndipo kutsogolo kwake pansi pa mphumi panali kabatani kotsetsereka kodzaza fumbi, kamene kanasuntha pamene laputopuyo inkalowetsedwa m'chikwama. Anakakankha ndi chikhadabo, kanyali kabuluu kanayaka.

Tsopano dzutsani kadi ndi `ip link set wlan0 up`, ndipo muone ma netiweki amene ali pafupi ndi `iw dev wlan0 scan | grep -E "SSID|signal"`. Ngati hotspot ya foni yanu sikuoneka pamene foniyo ili patebulo pomwepo, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti foni ikuulutsa pa 5 GHz pamene makadi ambiri akale amamva 2.4 GHz yokha. Lowani mu zokonza za hotspot n'kusankha 2.4 GHz. Muli momwemo onaninso chitetezo, chifukwa WPA3, imene inayamba mu 2018, makadi ena akale saitha, ndipo kusankha WPA2 kumathetsa nkhani. Ndi bwinonso kuuza kadi dziko limene ili polemba `iw reg set MW`, kuti izigwiritsa ntchito matchanelo ndi mphamvu zololedwa ku Malawi.

Manambala a signal ndi oyenera kuwamvetsa, chifukwa amathetsa mikangano yambiri. Amalembedwa mu dBm ndipo amakhala ndi kachizindikiro kochotsera: -50 ndi mphamvu yabwino kwambiri, -70 ndi yoti ntchito igwirika, pamene -85 ndi yoti mulumikizana lero n'kuduka pakapita mphindi zochepa. Rauta ikakhala mu ofesi ya ahedi ndipo kompyuta ili mu buloko ina, makoma a njerwa zootcha, zitseko zachitsulo ndi makabati achitsulo zimadya mphamvuyo msanga. Kakadi ka USB kolowetsedwa kumbuyo kwa kompyuta ya patebulo kamabisika ndi bokosi lachitsulo la kompyutayo, ndiponso kamakhala pamene pamatulukira mpweya wotentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumadutsa madigiri 40 ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i mumachita kuwotcha, ndaonapo timakadi totere tikuduka masana n'kubwereranso madzulo. Chingwe chowonjezera cha USB cha mita imodzi kapena iwiri, choti kakadiko kapachikidwe pa windo loyang'ana kumene kuli rauta, chimathandiza pa mavuto onse awiri, ndipo mukhoza kuona nokha nambala ikusintha pamene mukukasuntha.

Pa kugwirizana ndi rauta, mabuku akale ndi masamba ambiri a pa intaneti amatchulabe iwconfig. Pulogalamu imeneyo imatha chitetezo cha WEP chokha, chimene chinasiyidwa kalekale chifukwa chimathyoledwa mosavuta, kotero singakulowetseni pa hotspot ya masiku ano. Imene imagwira ntchitoyi ndi wpa_supplicant, yolembedwa ndi Jouni Malinen wa ku Finland. Mutalowa ngati root, lembani `wpa_passphrase "DzinaLaNetiweki" > /etc/wpa_supplicant/wpa_supplicant.conf`, ndipo idzadikira kuti mulembe pasiwedi, imene pa WPA2 imakhala ya zilembo zosachepera 8 ndiponso zosapitirira 63. Kulemba pasiwedi motere n'kwabwino kuposa kuiika pa mzere wa lamulo, chifukwa zolembedwa pa mzerewo zimasungidwa mu history ndipo mwana wasukulu wochenjera adzazipeza pongodina batani la muvi wolozera m'mwamba. Tsekulaninso fayiloyo ndi nano, pulogalamu yosinthira zolembedwa, n'kufufuta mzere woyamba ndi #psk, pakuti pamenepo pasiwedi imalembedwa poyera.

Ulendo woyamba ndimakonda kulemba `wpa_supplicant -i wlan0 -c /etc/wpa_supplicant/wpa_supplicant.conf` popanda -B, kuti ndizionera zimene ikukambirana ndi rauta. Mukaona CTRL-EVENT-CONNECTED, zatheka, ndipo mukhoza kuimitsa ndi Ctrl ndi C n'kuiyambitsanso ndi -B kuti izigwira ntchito kuseri. Mukaona WRONG_KEY kapena uthenga wonena kuti 4-Way Handshake failed, vuto ndi pasiwedi, ndipo pa makompyuta athandizo ndimayamba kukayikira kiyibodi, chifukwa ena anachokera ku Britain kapena ku Germany ndipo zizindikiro monga @ ndi # sizikhala pamene zalembedwa. Lembani pasiwediyo poyera pa mzere wopanda kanthu, muione ndi maso, kenako muifufute musanadine Enter.

Gawo lotsala ndi adiresi. Lembani `dhclient wlan0`, kapena `dhcpcd wlan0` pa makina atsopano, popeza bungwe la ISC, limene linapanga dhclient, linasiya kuisamalira mu 2022. Lamulo la `ip addr show wlan0` liyenera kuonetsa adiresi monga yoyamba ndi 192.168; yoyamba ndi 169.254 imatanthauza kuti rauta sinayankhe ndipo kompyuta yangodzipatsa yokha. `ip route` imaonetsa adiresi ya rauta pa mzere woyamba ndi default. Yesani ping, lamulo loona ngati makina ena akuyankha, pa adiresi imeneyo, kenako pa 8.8.8.8, kenako pa debian.org. Yoyamba ikayankha koma yachiwiri ayi, Wi-Fi ilibe mlandu. Onani ngati bandulo ya TNM kapena ya Airtel isanathe, kapena ngati ili ya WhatsApp ndi Facebook zokha, imene siitsekula china chilichonse. Ziwiri zoyamba zikayankha koma dzina likukanika, vuto ndi DNS, imene imasandutsa mayina kukhala maadiresi, ndipo muyang'ane mu /etc/resolv.conf.

Zonsezi ndi zofufuzira, ndipo zambiri mwa izo zimaiwalika kompyuta ikazima. Kompyuta imene ndikuisiya m'manja mwa anthu ena ndimaiikira NetworkManager, chifukwa `nmcli device wifi list` ndi `nmcli --ask device wifi connect "DzinaLaNetiweki"` ndi malamulo awiri amene aphunzitsi angathe kukopera m'kope, ndipo zimene mwalowetsa zimasungidwa mu /etc/NetworkManager/system-connections kuti izidzilumikiza yokha. Amene tinaona kuzimazima kwa magetsi mu 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale, tikudziwa kuti makina oti wina azikawalumikiza pamanja magetsi akangobwera amathera m'kabati. Magetsi akabwera kompyuta nthawi zina imadzuka rauta isanakonzeke, ndiye ndimawonjezera `nmcli connection modify "DzinaLaNetiweki" connection.autoconnect-retries 0`, kuti iziyesabe mosalekeza m'malo mopumira itayesa kanayi. Musanatero, imitsani wpa_supplicant imene munaiyambitsa pamanja, ndipo pa Debian fufutani mizere ya wlan0 mu /etc/network/interfaces, chifukwa NetworkManager sikhudza kadi imene yalembedwa mmenemo ndipo idzangoitchula kuti unmanaged.

Ngati intaneti ikuchokera pa foni ya munthu kapena pa MiFi yogulira bandulo, lembaninso `nmcli connection modify "DzinaLaNetiweki" connection.metered yes`, kuti mapulogalamu amene amalemekeza chizindikirochi asatsitse zinthu zikuluzikulu usiku mwiniwake asakudziwa. Kadi imene imagona ikakhala kanthawi osagwiritsidwa ntchito, mpaka mafoni a ophunzira kulephera kufika pa mabuku, imachira ndi `iw dev wlan0 set power_save off`, ndipo kuti zimenezi zikhalitse mu NetworkManager mumaika 802-11-wireless.powersave kukhala 2.

Pali vuto lina limene limaoneka ngati la Wi-Fi pamene si la Wi-Fi. Ping ikuyankha bwino, koma apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu pa Debian, ikukana ponena kuti fayilo not valid yet, ndipo masamba a https akudandaula za satifiketi. Lembani `date`. Makompyuta akale ambiri amafika kabatire kawo ka pa motherboard, ka mtundu wa CR2032, katatha kale, ndipo magetsi akazima wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Mukhoza kukonza tsiku ndi `date -s`, kapena kuika systemd-timesyncd kuti izikonza yokha ikalumikizana, koma chokhalitsa ndi kutsekula bokosi n'kusintha kabatireko, kamene kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu a zamagetsi.